TAMARA NDI HANA: MAU KWA IWO AKUSENZA CISONI COBISIKA

Werengani 2 Samueli 13:1-22 ndi 1 Samueli 1:1-18.

M'buku lino masiku a caka alembedwa m'mizere yolingana, ndipo poyang'ana ndi maso lina silisiyana ndi linzace. Koma mtima wa munthu uli ndi kawerengedwe kace. Alipo wina pakati panu amene, poona tsiku lakuti la mwezi wakuti, m'mimba mwace mutentha, tulo timthawa, ndi nsima imkanika kumeza. Ndilo tsiku limene galimoto inagubuduka pamseu, kapena limene mwana anamira m'mtsinje, kapena limene munthu wa m'nyumba momwemo anatseka citseko namcitira coipa. Zaka zapita, koma kwa iye tsikulo silinapite. Mau a caka cino ndilembera munthu wotere, ndiponso ife tonse amene tikhala naye pa mpando umodzi m'nyumba ya Mulungu osadziwa cimene asenza.

I. Mkazi amene anauzidwa kukhala cete

Tamara anali mwana wamkazi wa mfumu Davide, mlongo wace wa Abisalomu. Amnoni, mwana woyamba wa mfumu, wobadwa kwa mai wina, anamkhumba. Ndipo pa uphungu woipa wa bwenzi lace Yonadabu anadzionetsa ngati wodwala, napempha kuti Tamara adze kudzamkonzera cakudya. Namwaliyo anadza ndi mtima woyera, monga akadacita mlongo ali yense. Amnoni anaturutsa anthu onse, namgwira, osasamala kudandaula kwace. Ndipo atatha kumcitira coipaco anamuda, nauza mnyamata wace kuti amturutse ndi kutseka pakhomo.

Tsono penyetsetsani cimene Tamara anacita. Sanakabisala kuseri kwa nkhokwe. Anathira phulusa pamutu pace, nang'amba cobvala cace ca ana akazi a mfumu, nagwira kumutu, nayenda m'njira alikulira mokweza. Ndi thupi lace lonse analikunena kuti walakwiridwa. Cisoni cace cinali citapeza khomo loturukira.

Amene anatseka khomolo sanali mdani, koma mlongo wace Abisalomu, amene anamkonda. Iye anamuuza kuti asanene kanthu, popeza wocimwayo ndi wa m'banja, ndiponso kuti asaisunge nkhaniyo kumtima. Kuyambira pamenepo sitimvanso liu la Tamara m'Malembo. Tingouzidwa kuti anakhala m'nyumba ya Abisalomu; ndipo liu la Cihebri lofotokoza makhalidwe ace ndi lomwelo aneneri achula nalo midzi yopasuka. Mwana wa mfumu anasanduka bwinja ali moyo.

Kodi kukhala cete kuja kunasunga banja? Iai. Davide anamva, napsa mtima, koma sanaweruze mlandu. Abisalomu anasunga udani zaka ziwiri zathunthu osaturutsa mau, kufikira tsiku la kumeta nkhosa pamene anaphetsa Amnoni. Anathawira ku Gesuri, nakhala kumeneko zaka zitatu, ndipo pambuyo pace anaukira atate wace, nafera kunkhondo. Cimene anacikwirira kuti asunge ulemu wa nyumba ndico cinapasula nyumbayo.

Mau a Abisalomu tiwamvabe m'midzi mwathu ndi m'makomboni. "Za m'nyumba sizituruka kunja." "Ndi amalume ako, kodi ufuna amangidwe?" "Iwala, zinapita zimenezo." Ng'ombe kapena ndalama ziperekedwa kwa makolo, akuru agwirana canza, ndipo ati mlandu watha, koma mwanayo palibe anamfunsa za mumtima mwace. Makolo athu omwe anadziwa kuti pepani sapoletsa cilonda.

II. Mkazi amene anapeza womumvera

Cisoni ca Hana cinali ca mtundu wina. Analibe mwana, ndipo Penina, mkazi mnzace, anamputa caka ndi caka pa ulendo wa ku Silo, kufikira Hana analira naleka kudya. Mwamuna wace Elikana anamkonda, koma citonthozo cace cinali cofuna kuletsa misozi msanga: anamkumbutsa kuti iye yekha aposa ana amuna khumi. Anafunsa mafunso, koma sitiwerenga kuti anadikira yankho.

Pamenepo Hana ananka ku nyumba ya Yehova, nayamba kunena zonse kwa Mulungu, milomo iri kugwedezeka koma liu losamveka. Wansembe Eli, ali pa mpando wace pakhomo, anamuyesa woledzera, namdzudzula. Taonani kulakwa kwa mtumiki wa Mulungu! Koma Hana sanabwerere m'kukhala cete. Anamuyankha mwaulemu ndi molimba kuti sanamwe kanthu, koma kuti mtima wace walemedwa, ndipo alikuukhuthula pamaso pa Mulungu. Ndipo Eli anacita cinthu cobvuta kwa munthu wamkuru: anabweza mau ace, nakhulupirira mkaziyo, namdalitsa.

Apa pali cinthu cimene ambiri sacisamala powerenga. Hana anadya, ndi nkhope yace inasintha, Samueli asanakhale ndi m'mimba momwe. Penina anali akali kunyumba ndi lilime lace lomwe lija. Kunja sikunasinthe kanthu. Koma katunduyo anali atamchula dzina pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa munthu mmodzi amene anamvera. Kusiyana kwa Tamara ndi Hana sikuli m'cikhulupiriro cao, monga ngati wina anali woyera koposa mnzace. Onse awiri anatsegula pakamwa. Wina anapeza womtseka, wina anapeza womumvera.

III. Cimene madokotala aona

Ena ayesa kuti zonsezi ndi kufooka kwa mtima, kapena ziwanda, kapena kulodzedwa. Tiyeni timve cimene anapeza iwo amene Mulungu anawapatsa nzeru ya kusanthula thupi. Pa nthawi ya coopsa, thupi lithira m'mwazi madzi ena ofulumiza mtima ndi kulimbitsa minofu, kuti munthu athawe kapena alimbane. Ndipo nthawi zina angouma gwa, osatha kupfuula kapena kusuntha. Ici cicitika cokha, munthu osasankha. Cifukwa cace iwe amene udzitsutsa kuti sunakuwe tsiku lija, dziwa kuti kuuma kuja sikunali kubvomera.

Kwa anthu ambiri mantha otere acepa okha pakupita masabata. Koma kwa ena thupi likhalabe ca cire, monga mlonda amene sanauzidwe kuti nkhondo inatha. Munthu alota zomwezo usiku ndi usiku. Pfungo lina kapena liu lina limbwezera pa malo aja ngati ziri kucitika tsopano. Adzidzimuka ndi kugwa kwa mbale. Alambalala njira yakuti. Apsa mtima wosadziwa cifukwa. Ena athawira ku mowa. Zikapitirira mwezi, madokotala aziyesa nthenda yofuna cithandizo. Anaipatsa dzina m'caka ca 1980, ataona asilikari a ku America obwera ku nkhondo ya ku Vietnam. Koma nthendayo ndi yakale ngati Tamara.

Ndipo mankhwala ace amodzi akuru ndiwo mau. Cikumbukiro ca coopsa cikhala m'mutu ngati zigamba zomwazika: mtundu wa maraya, kulira kwa citseko, kuzizira kwa pansi. Pamene munthu azifotokoza pang'ono pang'ono pa malo a mtendere, kuyambira paciyambi kufikira kumapeto, zigambazo zilumikizana nizisanduka mbiri ya cinthu cimene cinacitika kale, ndipo thupi liphunzira kuti lero si tsiku lija.

Zimenezi zinayesedwa m'dziko lathu lomwe lino. Mu Lusaka, ophunzira a ku Johns Hopkins University, otsogozedwa ndi Laura Murray, pamodzi ndi anzao a kuno, anatenga ana 257 a zaka 5 kufikira 18 amene anaona zoopsa, monga kumenyedwa, kugwiriridwa, kapena imfa ya makolo. Theka la iwo linakomana sabata ndi sabata ndi aphungu, anthu wamba ophunzitsidwa nchitoyi. Poyamba anawo anaphunzira kukhazika mtima pansi ndi kuchula zimene amva m'kati; pambuyo pace ananena, kapena kulemba, kapena kujambula mbiri yao. Zotsatira zinalengezedwa mu 2015: mwa ana amenewo zizindikiro za nthendayi zinacepa ndi magawo pafupifupi 82 mwa 100, koma mwa anzao olandira cithandizo ca masiku onse zinacepa ndi magawo 21 okha.

Kwa anansi athu ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda, poona kuti madokotala a nthenda za maganizo ndi owerengeka, anaphunzitsa agogo akazi a ku Mbare mu Harare kukhala pa benchi kunja kwa cipatala ndi kumvera odza ndi nkhawa. Nchitoyo achula Friendship Bench. Poiyesa ndi anthu 573, zinalembedwa mu 2016 kuti itatha miyezi 6, mwa iwo amene anaceza ndi agogowo anthu 14 okha mwa 100 anali akali ndi nthenda ya cisoni, koma mwa enawo anali 50 mwa 100. Agogo amenewa analibe masamu akuru. Anali ndi makutu, ndi kudekha, ndi maphunziro pang'ono. Kodi mu mpingo wanu mulibe amai otere?

IV. Kwa inu obvulala

Coyamba, dziwani kuti kulira pamaso pa Mulungu si kusakhulupirira. Pa Masalmo 150, pafupifupi limodzi la magawo atatu ndiwo madandaulo. Salmo 88 liyamba ndi kupfuula nilitha mumdima, lopanda mau a ciyamiko kumapeto. Ndipo Mzimu Woyera sanalicotse m'Buku. Ambuye wathu analira pa manda a Lazaro, ndipo m'Getsemane anauza ophunzira atatu za kulemedwa kwa moyo wace, nawapempha acezere naye. Ngati Mwana wa Mulungu anafuna anthu okhala naye pa usiku wa cisoni, inu ndinu yani kuti musenze nokha? Mutu umodzi susenza denga.

Amuna inu, mau awa ali a inunso. Anatilera ndi kutiuza kuti mwamuna salira, ndipo ambiri ameza misozi yao pamodzi ndi kacasu, naibwezera pa akazi ndi ana ao. Kumbukirani malemu Kenneth Kaunda, mtsogoleri woyamba wa dziko lino. Mwana wace Masuzyo anamwalira mu 1986, pa nthawi imene mabanja ankabisa dzina la nthenda ya Edzi ngati cinthu ca manyazi. Mu 1987 atateyo ananena poyera, dziko lonse lirikumva, cimene cinapha mwana wace. Sanacepe nako kunenako.

Caciwiri, ngati pakamwa pakanika, yambani ndi dzanja. Yerusalemu atapasulidwa ndi Ababulo, otsala sanangobuula. Anaika cisoni cao m'malemba. M'buku la Maliro mitu inai yoyamba inakonzedwa motsata zilembo 22 za Cihebri, monga ngati wolembayo anafuna kuyenda m'cisoni cace conse kuyambira cilembo coyamba kufikira cotsiriza, kuti cikhale ndi malire. Mu 1986 mphunzitsi wina wa ku America, James Pennebaker, anauza ophunzira kuti alembe za cowawa cao mphindi 15 pa tsiku kwa masiku 4. Ndipo amene analemba cocitikaco pamodzi ndi zimene anamva mumtima anapita kucipatala kocepa m'miyezi yotsatira. Kulemba sikuciza zonse, koma kutsegula njira. Tengani kope, lembani monga muyankhula, osasamala kalembedwe, nimulisunge pobisika. Wosadziwa kulemba apeke nyimbo yace, monga acita amai pamtondo, kapena anene mokweza kumunda ali yekha ndi Mulungu. Mukaona kuti mantha akula koposa, lekani, mupume, musadzikakamize.

Cacitatu, funani munthu mmodzi. Asakhale wa lilime lotayirira, kapena wodya m'dzanja la amene anakulakwirani. Simuyenera kunena zonse tsiku limodzi, mungathe kuyamba ndi mau awa okha: "Pali cinthu cinandicitikira, ndipo sindinauzepo munthu." Woyambayo akakuyankhani monga Eli anayankhira poyamba, musati anthu onse ali otero, funani wina. M'zipatala zambiri muli aphungu ophunzira. Ena aopa kupitako cifukwa dzina la Chainama, cipatala cija ca mu Lusaka cotsegulidwa mu 1962, lamveka m'makutu mwao ngati malo a amisala okha. Koma wothyoka mwendo sacita manyazi kukauika m'cikhakha. Momwemonso wobvulala mumtima. Pemphero ndi uphungu sizilimbana, pakuti Mulungu amene tipemphako cakudya ca lero ndi yemweyo anatipatsa khasu.

V. Kwa ife omvera

Ndiyamba ndi kuulula kulakwa kwanga. M'zaka zanga zoyamba za ubusa, munthu akadza kwa ine ndi misozi, ndinkafunafuna m'mutu vesi lomuyankha nalo iye asanathe kunena. Ndinkayesa kuti nditumikira Mau, koma kwenikweni ndinkaopa cisoni cace, ndipo ndinkafuna cicoke msanga m'nyumba mwanga. Ena sanabwerenso. Cifukwa cace ndikupatsani izi, inu akuru a mpingo, atsogoleri a cigwirizano ca amai, aphunzitsi ndi makolo.

Khalani pansi, nimumvere. Abwenzi atatu a Yobu anacita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye pansi osanena kanthu. Anayamba kulakwa pamene anayesa kufotokoza cifukwa ca tsoka lace. Ambuye wathu pa njira ya ku Emau anadziwa zonse zocitika m'Yerusalemu, popeza zinacitikira Iye mwini. Koma anafunsa Kleopa ndi mnzace, nawalola kufotokoza kufikira anatha, ndipo pamenepo anawatsegulira Malembo.

Musakakamize. Madokotala anapeza kuti kuumiriza munthu kufotokoza zonse pa masiku oyamba a tsoka sikuletsa nthendayi, ndipo kwa ena kuonjezera zowawa. Mpatseni cakudya, pogona, ndi munthu wokhala naye. Mwini wace adzatsegula pa nthawi yace. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo musamuimiritse pamaso pa mpingo kuti acite umboni za cilonda cikali kukha mwazi.

Khulupirirani, osaweruza. Musamfunse cifukwa cace anapitako, kapena cimene anabvala, kapena cifukwa cace anacedwa kunena. Tamara ananka kwa Amnoni cifukwa atate wace anamtuma. Muuzeni momveka kuti cimo liri pa wocitayo, si pa iye ai.

Musathamangire kunena za kukhululuka. Kukhululukira adani ndi lamulo la Ambuye, ndipo sindilicepsa. Koma sikutanthauza kubisa mlandu, kapena kubwezera mwana m'nyumba ya womzunza. Yosefe anakhululukira abale ace, koma anawauza poyera kuti ndiye amene anamgulitsa. Cikhululuko coona cimera pamene coonadi canenedwa.

Sungani cinsinsi. Cimene mwamva cisafike kwa mkazi wanu kapena mwamuna wanu, ndipo cisalowe m'msonkhano cobvala dzina la copempherera. Pali ziwiri zokha zosayenera kusungidwa: pamene mwana ali pa coopsa, ndi pamene munthu anena za kudzipha kapena kupha wina. Pamenepo muuzeni kuti mufuna cithandizo, nimupite naye, osamsiya yekha.

Dziwani malire a nzeru zanu. Wogwiriridwa afike kucipatala asanathe maola 72, pakuti m'nthawi imeneyo alipo mankhwala oletsa kacirombo ka Edzi. Kupolisi kuli gawo lochedwa Victim Support Unit, ndipo kuyambira 2011 dziko lathu liri ndi lamulo lace lace loletsa nkhanza zotere. Za ana, nambala ya lamya 116 iyimbidwa kwaulere. Mkuru wa mpingo amene aweruza mlandu wa mwana wogwiriridwa kuseri kwa nyumba, kuti asunge mbiri ya mpingo, ayenda m'mapazi a Davide pa tsiku la kufooka kwace.

Mau otsiriza

Sindikulonjezani kuti cipsera cidzafafanizika. Ambuye wathu anauka kwa akufa ali ndi mabala m'manja ndi m'nthiti, nawaonetsa kwa ophunzira ace osacita manyazi. Koma mabalawo sanalinso kukha mwazi. Momwemo tsiku lija lidzabwerabe caka ndi caka m'buku la masiku, koma ingathe kufika nthawi imene mudzaliona, ndi kukumbukira, ndi kulira pang'ono, ndipo pambuyo pace kudya nsima yanu monga anacitira Hana. Musadikire caka cina. Inu osenza, sankhani sabata lino munthu amene mudzamuuza. Inu ena, ganizirani nkhope ija imene yakhala ikufota pakati panu, nimupite kukaceza, osafulumira kubwerera.

Pemphero

Atate wa cifundo, Inu amene munamva Hana pamene liu lace silinamveke kwa anthu, ndipo simunaiwale misozi ya Tamara, yang'anirani ana anu onse akusenza cisoni cobisika. Masulani malilime ao pa nthawi yoyenera, nimuwatsogolere kwa anthu okhulupirika. Tikhululukireni ife amene tinatseka pakamwa pa olira kuti tisunge ulemu wathu. Tipatseni makutu odekha, milomo yosunga cinsinsi, ndi mtima wosaopa kuimira cilungamo. Dalitsani madokotala, anamwino ndi aphungu onse m'nchito yao. Tipempha izi m'dzina la Yesu Kristu, amene anabvulazidwa cifukwa ca ife, nakhala ndi moyo kosatha. Amen.